Ayi, mipingo sikakamizidwa kudalitsa maukwati amenewa

Nkhani iyi yanditopetsa abale, zaka ndi zaka anthu kumangoti dziko likalola ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha ndekuti abusa azikakamizidwa kuwadalitsa mu tchalitchi. Sizoona. Ku Canada analola mu 2005, ku South Africa mu 2006, koma mpingo ukakana palibe amaumanga. Lamulolo ndi la za boma, satifiketi ya ukwati, chuma cha masiye, kusainira mnzako akagonekedwa kuchipatala, komanso mwana amene alera limodzi asasowe kholo lovomerezeka wina akamwalira, apa mpomwe ine pamandikhudza kwambiri. Kaya mukugwirizana nazo kaya ayi, malamulowa ali pa intaneti, sakani muwerenge nokha musanatumizire anzanu zomwe simunatsimikize.