Mphekesera ya ozoni yomwe imabweranso chilimwe chilichonse

Kukangoyamba kutentha mu Okutobala, uthenga uja umayambanso kuzungulira m'magulu a WhatsApp. Umati dzuwa lawala chonchi chifukwa ozoni yabooka pamwamba pathu, ndipo tikadakhala ndi ozoni yambiri pansi pano bwenzi kukuzizira. Nkhaniyi yasakaniza zinthu ziwiri zosiyana.

Ozoni ndi mtundu wa mpweya. Ozoni yotiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa ili kutali kumwamba, makilomita pafupifupi 15 mpaka 35. Bowo lotchuka lija linapezeka mu 1985 pamwamba pa Antarctica, kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, ndipo mayiko anagwirizana ku Montreal, m'dziko la Canada, mu 1987 kuti asiye mankhwala omwe ankaliyambitsa. Kutentha kwa dziko kukuchokera makamaka ku mpweya wa carbon dioxide ndi mipweya ina yosunga kutentha, osati ku bowolo.

Ozoni ya pansi pano ndi yoipa. Imapangika utsi wa magalimoto, wa mafakitale ndi wa moto wolusa kutchire ukakumana ndi dzuwa lamphamvu. Tsiku lotentha, lopanda mphepo ndi mitambo, imachuluka. Miyezi yomwe timatentha minda ndi tchire ndi yomweyo yomwe dzuwa limaswa mtengo, ndiye onani nokha. Ozoniyi imapweteka mapapo, makamaka a ana ndi odwala mphumu, imachepetsanso zokolola. Dziko likamatenthera, masiku oterowo amawonjezereka m'malo ambiri.

Uthenga wotere ukakufikani, onani ngati ukunena gwero lake komanso ozoni yomwe ukukamba, ya kumwamba kapena ya pansi. Fananizani ndi zomwe nthambi ya boma yoona za nyengo yalengeza. Ngati ulibe gwero, chonde musautumize kwa ena.