Miyala ya pa Chimwadzulu ndi mkangano wa madola 309 biliyoni

Mu 2024, yemwe anali mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, a Thabo Chakaka Nyirenda, adalamula kampani ya ku America ya Columbia Gem House kuti ilipire dziko lino madola 309 biliyoni. Adati ndi misonkho ya miyala ya ruby yomwe idachoka paphiri la Chimwadzulu kuno ku Ntcheu. Kampaniyo idakana, idati nkhaniyi ilibe umboni ndipo ikuipitsa mbiri yake.

Phirili lili m'mapiri a Kirk Range, kufupi ndi malire a Mozambique. Miyalayi idapezeka mu 1958, nthawi ya atsamunda. Dzina lake lenileni ndi corundum: ukakhala wofiira ndiye ruby, ukakhala wa mtundu wina ndiye sapphire. Kufiirako kumadza ndi chromium wochepa kwambiri wolowa mumwalamo, pomwe wabuluu umadza ndi chitsulo pamodzi ndi titanium. Corundum sapangika pamene pali silica wambiri (silica ndi chomwe chimapanga mchenga wamba), n'chifukwa chake simungamupeze paphiri lililonse. Thanthwe la Chimwadzulu ndi lakuda, lolemera, lochokera pansi kwambiri, losauka silica koma lokhala ndi chromium.

Thanthwelo lakhala likufumbutuka ndi mvula ndi dzuwa, koma corundum safumbutuka msanga. Pa kulimba amangoposedwa ndi dayamondi mwa miyala yodziwika. Choncho amatsalira m'dothi la pamwamba, ndipo okumba amafukula dothilo, kulitsuka, kulisefa, kenako kulipeta m'madzi. Mwalawu umalemera kanayi kuposa madzi, umakhala pansi, zinyalala n'kupita. Zotsalazo amasankha ndi manja.

Makampani angapo adayesapo m'zaka zotsatira, ena n'kusiya. Nyengo yomwe yabala mkanganowu idayamba mu 2007, pamene kampani ya Nyala Mines idalandira chiphaso chokumba miyalayi kwa zaka khumi. Mgwirizano wa 2008 udapatsa boma gawo la 10 pa 100 la kampaniyo, udati Amalawi apatsidwe mwayi wogula magawo, udatinso malo odulira ndi kupukutira miyala akhazikitsidwe m'dziko muno. Columbia Gem House ndi yomwe inkagula miyalayo, kuidula ndi kuigulitsa kunja pa dzina loti Nyala ruby, yotchuka chifukwa sinkawotchedwa pa moto kuti mtundu wake uwale. Mu 2017 chiphaso chidatha ndipo boma silidachiwonjezere.

Vuto lagona pa kuwerengera mtengo. Golide ali ndi mtengo umodzi wodziwika pa galamu, ruby alibe. Amayezedwa m'makarati, ndipo makarati asanu ndiwo galamu imodzi. Corundum wambiri wotuluka m'dothi amakhala wang'alu kapena wosaonekera kuwala, wa mtengo wotsika zedi. Kamwala kamodzi koyera bwino kangapose thumba lonse la enawo. Ndalama ya royalty, yomwe boma limalandira pa miyala yokumbidwa, imachokera pa mtengo wolembedwa pa pepala lotulutsira katundu, kotero ngati palibe katswiri wa boma woyang'ana mwala uliwonse usanatsekedwe m'bokosi, boma limangolandira zomwe lauzidwa. Mwala ukadulidwa kunja, palibenso njira yoti wina aubwezere m'thumba lomwe udachokeramo.

Pachifukwa ichi, mbali zonse ziwiri zili ndi pofooka. Madola 309 biliyoni ndi oposa ka 20 chuma chonse chomwe dziko lino limapanga pa chaka, ndipo n'kovuta kukhulupirira kuti phiri limodzi lidatulutsa zotere. Chiwerengero chotero chimafuna mabuku osonyeza thumba lililonse, kulemera kwake ndi wogula. Komabe kunena kuti chiwerengerocho n'chachikulu mopyola sikuyankha funso la anthu a m'midzi yozungulira phirili, omwe adaona dothi lawo likutsukidwa zaka khumi ndipo akufuna kudziwa kuti mudatuluka zingati. Funso lawolo n'lomveka, ndipo oyenera kuliyankha poyamba ndi omwe ankasindikiza zilolezo zotulutsira miyalayo.

Kukumba kwa zaka khumi kuja kudachitika pansi pa lamulo la migodi la 1981. Lidasinthidwa mu 2019, kenako mu 2023, ndipo latsopanolo lidakhazikitsa bungwe loyang'anira za migodi. Kumayambiriro kwa 2025 boma lidayamba laimitsa kutumiza kunja miyala yamtengo wapatali kuti liwunikenso kayendetsedwe ka zilolezo.