Si tchimo lililonse lomwe ndi mlandu

Funso lomwe ife maloya timafunsidwa kwambiri ndi loti, "munthu wandichita zoipa chonchi, lamulo silingamugwire?" ndipo nthawi zambiri yankho lathu limakhumudwitsa. Wina wakunamizani kuti amakukondani, m'bale wanu walemera nkukuiwalani, mnzanu waulula chinsinsi chanu pagulu, zonsezi nzoipa ndithu koma wapolisi alibe cholemba. Anthu amachoka akudandaula kuti nde malamulo ntchito yake nchiyani.

Lamulo ndi khalidwe labwino zimakumana malo ambiri, kupha, kuba, kugwirira, apa chikumbumtima ndi khoti zimayankhula chimodzi. Koma palinso malamulo omwe alibe nkhani ya ubwino kapena kuipa, monga mbali ya msewu yoyendetsa galimoto, ku Britain kumanzere ku France kumanja, palibe woyera mtima kuposa mnzake. Ndiye pali zoipa zomwe lamulo limangoziyang'ana. Mwana wa eni akumira m'madzi osaya inu nkungodutsa, ku England simunapalamule pokhapokha ngati munali ndi udindo pa mwanayo, pomwe ku France kusathandiza munthu amene ali pangozi, inu muli ndi kuthekera, ndi mlandu. Anthu a mayiko awiriwa onse angakuuzeni kuti kudutsako nkuuma mtima, angosiyana poti ndende ilowererepo kapena ayi.

Zimavuta zikafika pa dziko lomwe muli anthu a zipembedzo zosiyana, ena osapembedza nkomwe, mitundu yosiyana, aliyense ndi zake zomwe amati izi ndi zonyansa. Wina kwa iye mowa ndi tchimo, wina mitala, wina kugwira ntchito tsiku lopembedza, wina katapira olo chiwongoladzanja cha kubanki chomwe. Nde tikati lamulo litsatire khalidwe labwino, la ndani?

Mkangano umenewu unatentha ku Britain mu 1957 pomwe komiti yotsogozedwa ndi John Wolfenden inalangiza boma kuti zomwe amuna akuluakulu awiri agwirizana kuchita kuchipinda kwawo zisakhalenso mlandu. Jaji wina wamkulu, Patrick Devlin, anatsutsa mu 1959. Mfundo yake inali yoti chomwe chimamanga anthu pamodzi ndi khalidwe lomwe amagawana, likatha dziko limaphwasuka, choncho ngati munthu wamba woganiza bwino akunyansidwa kwenikweni ndi chinthu, boma lili ndi ufulu wochiletsa. H.L.A. Hart, mphunzitsi wa malamulo ku Oxford, anamuyankha kuti kunyansidwa si umboni woti wina wavulala, komanso khalidwe la anthu likasintha sikuti dziko latha. Iyeyu amatsamira pa ganizo la mu 1859 la John Stuart Mill, mlembi woganiza mozama wa ku England, loti boma likakamize munthu pokhapokha pofuna kuteteza ena kuti asapwetekedwe. Lamulo lija linasinthidwa ku England ndi Wales mu 1967.

Ine ndimapendekera kwa Hart, ngakhale Devlin sanali wopusa ayi. Chomwe chimandiopsa nchoti "munthu wamba" wakeyo nthawi zonse amakhala wa gulu lomwe lili ndi anthu ambiri, ndipo ambiri amalakwitsa. Ku South Africa, lamulo la mu 1949 linaletsa ukwati pakati pa azungu ndi anthu a mitundu ina, la mu 1950 linakulitsa chiletso chogonana, apolisi nkumazonda m'nyumba za anthu usiku kufuna umboni, mpaka mu 1985 pomwe anazichotsa. Omwe anapanga malamulowa amati akuteteza khalidwe, ndipo amanyansidwadi, sikuti amanamizira. Nkhani yomweyi ikutionetsanso mbali ina, kuti chinthu chikhoza kukhala lamulo, chodutsa mu palamenti bwinobwino, koma chili choipa. Nde amene amati "bola sindinaphwanye lamulo" asadzitame kwambiri.

Palinso nkhani yoti lamulolo ligwira ntchito bwanji, yomwe anthu okonda kuletsa sakonda kuimva. America inaletsa kupanga ndi kugulitsa mowa kuyambira 1920, mipingo ndi magulu odana ndi uchidakwa atalimbikira zaka zambiri ndi zifukwa zomveka, mabanja amavutikadi. Anthu sanasiye kumwa, bizinesi inangopita kwa zigawenga ngati Al Capone ku Chicago, apolisi nkuzolowera ziphuphu, mu 1933 anabweza. Chigololo nachonso, South Korea inasiya kuchitenga ngati mlandu wopita nawo kundende mu 2015, India mu 2018, ndipo sikuti makhotiwo amati chigololo nchabwino, chikhozabe kuthetsa banja kukhoti, koma kumanga munthu ndi nkhani ina.

Musandimve ngati ndikunena kuti mfundo ya Mill imathetsa zonse. Kupweteka wina kumayambira pati? Wokana kumanga lamba m'galimoto amati moyo ndi wake, koma akavulala ana ake ndi chipatala ndi omwe amasenza. Pa nkhani yochotsa mimba, mkangano wonse uli poti "wina" uja alipo kale kapena ayi, ndipo apa lamulo silingakhale pakati, likaloleza latenga mbali, likaletsa latenganso mbali. Amene amati malamulo asakhudzane ndi khalidwe olo pang'ono akudzinamiza, ufulu wachibadwidwe womwe timaulemba m'malamulo aakulu a dziko nawonso ndi chikhulupiriro choti munthu aliyense ndi wofunika.

Kusiyana kwake nkoti chikhulupiriro chimenechi ungathe kuchifotokoza kwa munthu wa mpingo uliwonse nkumva. Mu 1995 khoti loona za malamulo aakulu ku South Africa linathetsa chilango cha imfa pa mlandu wa Makwanyane, ndipo Arthur Chaskalson, yemwe amatsogolera khotilo, anavomera kuti mwina anthu ambiri amafuna chilangocho chikhalepo, koma anati ntchito ya khoti si kuwerenga manja, ndi kuteteza ngakhale omwe gulu lawataya.

Choncho wina akabwera ndi pempho loti chakutichakuti chiletsedwe, ine sindiyamba ndi kufunsa ngati ndi tchimo, zimenezo abusa ndi mashehe amazitha kuposa ine. Ndimafunsa kuti wapwetekedwa ndani, ndipo chifukwa chanucho mungamuuze munthu amene sawerenga buku lanu loyera nkuchimva? Ndimafunsanso kuti umboni wake apolisi akaupeza bwanji osathyola zitseko za kuchipinda kapena kusecha mafoni a anthu, komanso adzamangidwe ndani, chifukwa malamulo a mtundu umenewu amakonda kugwira osauka pomwe olemera akuchita zomwezo mageti atatseka, ndipo amapatsa mpata anthu oopseza anzawo kuti "ndipatse ndalama apo ayi ndikakunenera kupolisi".