Ku Ireland, boma limapita kwa amene ali ndi anzake

Pali manambala awiri amene ndimakonda kuwalemba pa bolodi ndikamaphunzitsa za zisankho: 17.4 ndi 21.9. Onse ndi a chipani chimodzi, cha Fianna Fáil cha ku Ireland. Mu February 2011 chipanichi chinapeza mavoti 17.4 pa 100 alionse, anthu n'kuyamba kuchilira maliro. Mu November 2024 chinapeza 21.9, onse n'kuvomereza kuti chapambana, ndipo mu January 2025 mtsogoleri wake, a Micheál Martin, anakhala nduna yaikulu ya dzikolo. Manambala awiriwa sasiyana ndi 5 yomwe. Nanga kampata kochepa chonchi kangalekanitse bwanji manda ndi nyumba ya boma?

Ireland ndi dziko la pachilumba kumadzulo kwa Britain, la anthu opitirira pang'ono 5 miliyoni. Ambirife timalidziwa chifukwa cha ansembe ndi masisitere ake, komanso ofesi ya kazembe wake ku Lilongwe. Ndale zake zinabadwira pa mkangano wa pachibale. Mu December 1921 atsogoleri ena a omenyera ufulu anasaina pangano ndi Britain lomwe linapereka ufulu wodzilamulira, koma n'kusiya chigawo cha kumpoto m'manja mwa Britain ndi kukakamiza aphungu kulumbira kuti adzakhala okhulupirika kwa mfumu ya Britain. Ena anati tilandire kaye zomwe zapezekazi, ena anati kumeneku n'kugulitsa dziko. Anamenyana nkhondo yapachiweniweni kuyambira 1922 mpaka 1923. Okana panganolo, motsogozedwa ndi a Éamon de Valera, anayambitsa Fianna Fáil mu 1926. Mbali ya olivomera ndiyo inadzakhala Fine Gael mu 1933.

Pa nkhani za chuma, sukulu kapena tchalitchi, zipani ziwirizi sizinkasiyana kwenikweni. Chinkazilekanitsa ndi funso loti agogo ako ananyamulira mbali iti mfuti. Munthu ankabadwira m'chipani monga amabadwira mumpingo. Kuyambira 1932 mpaka 2007, Fianna Fáil inkatuluka ndi mipando yambiri kuposa chipani china chilichonse pa chisankho chilichonse cha aphungu, ndipo pa chisankho cha November 1982 zipani ziwirizi pamodzi zinatenga mavoti oposa 84 pa 100. Mu 2024 zinatenga osakwana 43. Theka la anthu awo linawathawa, koma boma likadali m'manja mwawo. Kuti timvetse zimenezi tiyenera kulowa m'chipinda chowerengera mavoti.

Kuno kwathu phungu amadutsa akangoposa womutsatira ndi voti imodzi, ndipo mavoti a ena onse amathera pomwepo. Ku Ireland dera lililonse limatumiza aphungu atatu, anayi kapena asanu ku Dáil, yomwe ndi nyumba yawo ya malamulo. Wovota sachonga kamodzi ayi. Amalemba 1 pa dzina la amene akumufuna kwambiri, 2 pa wotsatira, 3, n'kumatsika mpaka pamene otsalawo amunyansa.

Tiyerekeze dera la mipando inayi kumene anthu 50,000 avota. Oyendetsa chisankho amagawa 50,000 ndi 5, kutanthauza chiwerengero cha mipando kuwonjezerapo 1. Amapeza 10,000, n'kuikapo voti imodzi pamwamba. Aliyense wofika pa mlingo wa 10,001 wadutsa. Wina akapeza 15,000, mavoti pafupifupi 5,000 osefukirawo satayidwa. Amagawidwa kwa opikisana ena molingana ndi amene anthu ake anawalembera 2. Kukakhala kuti palibe wafika pamlingo, amene ali kumchira amachotsedwa ndipo mapepala ake amasamukira kwa amene analembedwa wotsatira. Amabwereza zimenezi, nthawi zina koposa kakhumi, mpaka mipando yonse itadzaza.

Zonsezi amachita ndi manja, pamapepala, ndipo m'madera ena zimatenga masiku angapo. Makina ovotera anawayesapo mu 2002, anthu sanawakhulupirire, ndipo patapita zaka 10 anagulitsidwa ngati zitsulo zakutha. Kuseri kwa mpanda wa chipinda chowerengera kumaima anthu a zipani ndi mapensulo, kusuzumira pepala lililonse likamatambasulidwa. Akatswiri ena mwa iwo amatha kukuuzani mudzi umene wamutaya phungu wawo zotsatira zisanalengezedwe.

Mpando woyamba m'dera umapita kwa amene amakondedwa. Womaliza umapita kwa amene sadedwa, munthu amene otsatira zipani zina akuona kuti angathe kumulembera 3 kapena 4 popanda kudziluma lilime. Fianna Fáil inkadziwa kuti njira imeneyi imachepetsa mphamvu za chipani chachikulu, n'chifukwa chake inayesa kawiri kuithetsa pa referendamu, mu 1959 ndi mu 1968. Kawiri konse anthu anakana.

Tsopano tibwerere ku 2011. Zaka za m'mbuyomo mabanki a ku Ireland ankakongoza ndalama zomangira nyumba mosaona nkhope, mitengo ya nyumba n'kumakwera ngati sidzatsikanso. Zitaphulika, mu September 2008 boma la Fianna Fáil linalonjeza kuti liimira ngongole za mabankiwo, ndipo mtolo wonse unagwera okhoma msonkho. Pofika November 2010 dziko linagwada kwa European Union ndi IMF, n'kuvomera dongosolo la mayuro 85 biliyoni. Malipiro a ogwira ntchito m'boma anadulidwa, misonkho inakwera, achinyamata anayambanso kukwera ndege kupita ku Australia, Canada ndi Britain monga ankachitira makolo awo. Pachisankho, chipani chomwe chinali ndi aphungu 77 mu 2007 chinatsala ndi 20 pa mipando 166. Mu mzinda wonse wa Dublin munatsala phungu wake mmodzi yekha, a Brian Lenihan, nduna ya zachuma, amenenso anamwalira patangopita miyezi yochepa.

Taonani masamu ake. Mavoti oyamba anali 17.4 pa 100, koma mipando inali 12 pa 100. Chinasowa ndi voti yachiwiri. Otsatira Fine Gael, Labour, Sinn Féin ndi oima paokha ankalemberana manambala okhaokha, akafika pa dzina la munthu wa Fianna Fáil n'kulidumpha ngati dzenje. Mu 2024 zinatembenuka. Ndi mavoti oyamba 21.9 pa 100, chipanichi chinatenga mipando 48 pa 174, yomwe ndi pafupifupi 28 pa 100. Anthu ake sanabwerere ambiri. Chinasintha n'chakuti chinapeza bwenzi lokhala ndi mavoti ambiri oti n'kuchipatsira, ndipo bwenzilo linali mdani wake wakale uja, Fine Gael.

Ubwenziwu unayamba mwamanyazi. Mu 2016 panalibe chipani chokwanitsa kupanga boma, ndipo Fianna Fáil, yomwe inali itakwera kufika pa mipando 44, inavomera kusagwetsa boma la Fine Gael popanda kulowamo. Mu June 2020 manyazi anatha. Zipani ziwirizi zinalowa m'boma limodzi kwa nthawi yoyamba, pamodzi ndi chipani cha Green, ndipo zinagwirizana kusinthana mpando wa Taoiseach, dzina la nduna yaikulu m'chinenero chawo. A Martin anayamba, n'kusiyira a Leo Varadkar a Fine Gael mu December 2022. Ine ndimaona kuti chinawagwirizanitsa si chikondi kapena kuiwala za agogo. Anaona chilombo pakhomo.

Chilombocho ndi Sinn Féin. Kwa zaka zambiri chipanichi chinkadziwika ngati mbali ya ndale ya gulu la IRA, lomwe linamenya nkhondo ku Northern Ireland, chigawo cha kumpoto chija, mpaka kufika pa pangano la mtendere la 1998, ndipo ovota ambiri a kum'mwera sankafuna kuyandikana nacho. A Mary Lou McDonald atalowa m'malo mwa a Gerry Adams mu 2018, chipanichi chinaika patsogolo nkhani ya nyumba. Kwa wachinyamata wa ku Dublin amene ali pantchito yabwino koma akugonabe kwa makolo ake chifukwa lendi yamukulira, za 1922 ndi nthano, ndipo za IRA anangozimva kwa akuluakulu. Pa 8 February 2020 Sinn Féin inapeza mavoti oyamba 24.5 pa 100, kuposa chipani china chilichonse.

Apa m'pamene pali phunziro limene ophunzira anga amalikonda, chifukwa chipanichi chinadzimana chokha. Chinali chitachita moipa pa zisankho za makhansala mu 2019, choncho chinachita mantha n'kuimika anthu 42 okha pa mipando 160. Mwa iwowa 37 anadutsa. M'madera ena munthu wake anapeza mavoti pafupifupi owirikiza kawiri mlingo, koma panalibe mnzake wa chipani chomwecho woti awalandire osefukirawo, ndiye anakadutsitsa anthu a zipani zina zazing'ono. Kukolola kunalipo, nkhokwe ndiyo inachepa. Fianna Fáil inatha ndi mipando 38, Fine Gael 35, ndipo onse awiri anakana kukhala m'boma ndi Sinn Féin.

Mu 2022 kafukufuku wa maganizo a anthu ankaika Sinn Féin pa mavoti oposa 30 pa 100, ndipo ambiri ankati a McDonald adzakhala mayi woyamba kutsogolera boma. Kenako panabuka nkhani ya obwera. Anthu othawa nkhondo ku Ukraine ndi ofuna chitetezo ochokera m'mayiko ena anachuluka pa nthawi imene nyumba zinali zosowa kale, ndipo mu November 2023 mumzinda wa Dublin munachitika zipolowe. Sinn Féin inapezeka pamphanda. Achinyamata ophunzira amene anaivotera ankafuna kuti iteteze obwerawo, pamene ena a m'madera osauka, amenenso ndi anthu ake, ankafuna kuti iwachepetse. Poyesa kusangalatsa onse inakhumudwitsa onse. Boma nalo linali ndi ndalama zogawa, chifukwa makampani akuluakulu a ku America amakhoma msonkho wambiri ku Ireland, ndipo mu September 2024 khothi la European Union linagamula kuti kampani ya Apple ilipire dzikolo mayuro 13 biliyoni. Pachisankho Sinn Féin inatsikira pa 19 pa 100. Inapezabe mipando 39, umodzi kuposa Fine Gael yomwe inali ndi mavoti oyamba ochulukirapo, koma zipani ziwiri zakalezo pamodzi zinali ndi 86, kutsala pang'ono kuti zikwane theka la nyumba. Otsalawo zinakawapeza kwa aphungu oima paokha.

Aphungu oima paokhawa amachuluka ku Ireland kuposa m'mayiko ambiri a ku Ulaya, ndipo kavotedwe kaja ndiko kamawabala. Popeza anthu awiri a chipani chimodzi amatha kupikisana m'dera lomwelo, chipani pachokha sichikwanira. Phungu amayenera kudziwika kuti ndi amene anathamangitsa za msewu, amene anathandiza gogo kupeza khadi la kuchipatala, amene sasowa pamaliro. Zapamalirozi musaseke, kumeneko n'zenizeni ngati kwathu kuno. Ku Kerry banja la Healy-Rae lamanga ufumu pa ntchito imeneyi: bambo awo a Jackie anali phungu, kenako ana awiri, Michael ndi Danny, anadutsa limodzi m'dera limodzi kuyambira 2016, ndipo mu 2025 Michael anapatsidwa udindo wa nduna yaing'ono posinthana ndi voti yake.

Amene amalipira mtengo wa zonsezi ndi chipani chaching'ono cholowa m'boma. Progressive Democrats inatsika kuchoka pa mipando 8 mu 2002 kufika pa 2 mu 2007, ndipo posakhalitsa inatha. Green inali ndi 6, mu 2011 n'kutsala yopanda ndi umodzi womwe. Labour inalowa m'boma ndi aphungu 37 mu 2011, n'kutulukamo ndi 7 mu 2016, anthu atakwiya ndi kudulidwa kwa ndalama za boma komanso mabilu a madzi. Green inabwereranso ndi 12 mu 2020, mu 2024 n'kutsala ndi mmodzi, mtsogoleri wake a Roderic O'Gorman. Chifukwa chake sichovuta. Wovotera chipani chachikulu amafuna kuti chilamulire, basi, ndipo chikalamulira wakhutira. Wovotera chaching'ono amakhala ndi chinthu chimodzi chimene akuchifuna ndi mtima wonse, ndipo mgwirizano umangomupatsa kachidutswa. Walira mvula walira matope, koma matopewo sagawidwa mofanana. N'zosadabwitsa kuti Labour ndi Social Democrats, zomwe zinapeza mipando 11 chilichonse mu 2024, zinakhala kunja.

Kodi njira imeneyi ndi yabwino? Ine ndimaikonda chifukwa mavoti ambiri sapita pachabe, ndipo wandale amene amatukwana otsatira chipani china amadzidula yekha voti yachiwiri. Koma sindibisa kuti ili ndi chilema. Pamene anthu osakwana 43 pa 100 akubwezera m'boma zipani zomwezo, pomwe anthu oposa 15,000 akugona m'malo ongoyembekezera chifukwa alibe nyumba, ena amayamba kuona ngati kuvota n'kutaya nthawi. Mu 2011 anavota pafupifupi 70 pa anthu 100 olembetsa. Mu 2024 sanakwane 60.

Otsutsa akuoneka kuti masamuwa awamva. Mu October 2025 Sinn Féin, Labour, Social Democrats, Green ndi ena anaimira kumbuyo kwa munthu mmodzi pa chisankho cha pulezidenti, mayi Catherine Connolly, phungu woima payekha wa ku Galway, ndipo anapambana ndi mavoti oposa 60 pa 100. Pulezidenti wa Ireland salamulira boma, ntchito yake yambiri ndi yaulemu, choncho kugwirizana pa iye sikunawawawe aliyense. Chisankho chotsatira cha aphungu chiyenera kuchitika pofika kumayambiriro kwa 2030. Pa tsiku lowerengera, ine sindidzafulumira ndi mavoti oyamba. Ndidzadikira pamene munthu wa Labour wachotsedwa m'dera lina la kunja kwa Dublin, kuti ndione mapepala ake akusamukira pa mulu wa Sinn Féin kapena wa Fine Gael.