Kupanga slip ring ya makina a magetsi a mphepo

Makina opanga magetsi ndi mphepo amayenera kutembenuka pamwamba pa mlongoti kuti mapiko ake ayang'ane kumene mphepo ikuchokera. Mutu wa makinawo ukazungulira mbali imodzi kambirimbiri, nthambo yotsikira ku batire imapotana ngati chingwe cha khonje mpaka kuduka. Kuno ku Mzuzu mwera wa m'miyezi yozizira sutembenuza makina kwambiri, koma m'dzinja mphepo imasinthasintha, ndipo ndi nthawi imene nthambo zambiri zimawonongeka.

Chipangizo chothetsa vutoli amisiri amachitcha slip ring. Ndi mphete zamkuwa zokhazikika pamlongoti, zimene mabulashi (timipiringidzo topititsa magetsi tokankhidwa ndi sipuling'i) omangidwa kumutu wa makina amazikhudza nthawi zonse pamene mutuwo ukuzungulira. Mutha kudula mphetezi pa paipi yamkuwa, iliyonse mamilimita 15 m'lifupi, n'kuziveka mothina pa paipi yapulasitiki, motalikirana sentimita 1 kuti magetsi asalumphe. Waya wa mphete iliyonse muuwotcherere ndi mtovu mkati mwa mpheteyo, ulowe pabowo n'kutsikira m'kati mwa mlongoti. Jenereta yotulutsa nthambo zitatu imafuna mphete zitatu, koma ngati rectifier (chipangizo chosintha magetsi a jenereta kuti akhale odzazira batire) ili pamwamba, ziwiri zikwanira.

Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi pa mabulashi. Mabulashi a alitineta ya galimoto amapezeka mosavuta m'magalaja a ku Luwinga muno mu Mzuzu, koma anapangidwira magetsi ochepa, maampu osapitirira asanu. Makina a mawati 300 odzaza batire ya mavoti 12 amatumiza maampu pafupifupi 25, ndipo ngati pamphete patayika voti 1 yokha, ndiye kuti mawati 25 akusanduka moto pamalo aang'ono ngati chikhadabo. Ndinamasulapo slip ring ina imene pulasitiki yake inasungunuka mpaka mphete kupendekeka, sipuling'i ya bulashi itafewa chifukwa cha kutentha. N'chifukwa chake ndimalangiza mabulashi a sitata ya galimoto, amene ali ndi mkuwa wambiri, ndipo akhale awiri pa mphete iliyonse, moyang'anizana, kuti limodzi likadumpha linzake likhale likugwira.

Zimenezi ndimazinena motsindika chifukwa batire ndiyo imagwira makinawa kuti asathamange mopitirira muyeso. Bulashi likasiya kukhudza mphete mphepo ili yamphamvu, jenereta imakhala yopanda katundu, mapiko amathamanga kwambiri ndipo atha kuthyoka n'kugwera padenga kapena pa munthu.

Mdani wina ndi chinyezi. Chifunga ndi mvula yowaza ya kuno zimachititsa mkuwa kuchita dzimbiri lobiriwira limene silipititsa bwino magetsi. Vindikirani chipangizo chonse ndi chigubu chodulidwa, chotsekedwa pamwamba koma chokhala ndi mpata pansi kuti madzi azitulukira, ndipo girisi wa pabelingi asafike pamphete, chifukwa akasakanikirana ndi fumbi la mabulashi amapanga phala lolumikiza mphete ziwiri. Mvula isanayambe komanso ikatha, tsitsani mlongoti, mupukute mphete ndi sandipepa wosalala ndipo muone ngati mabulashi sanathe.

Amene alibe zipangizo zopangira mphete zozungulira bwino, ndi bwino asiye nthambo yokhuthala ilendewere momasuka m'kati mwa mlongoti, aike pulagi pansi, ndipo aziichotsa n'kuwongola nthamboyo pa tsiku lopanda mphepo. Njira imeneyi ndiyo amailimbikitsa Hugh Piggott, katswiri wa makina a mphepo wa ku Scotland, pa makina ake opangira pakhomo.