Kugawa kanema m'machaputala pa makina ojambulira DVD

Kanema wa ukwati wa maola awiri amene alibe machaputala amatopetsa, chifukwa wofuna kuona perekaniperekani ayenera kuthamangitsa zithunzi kuchokera pakhomo la tchalitchi mpaka atapapeza. Mabanja ndi makwaya a kuno ku Kasungu amene akusamutsira matepi akale a VHS pa zimbale amandifunsa kawirikawiri za vutoli, ndipo yankho lake lagona pa mtundu wa chimbale ndi mmene mwachikonzera musanayambe kujambula.

Chaputala sichidula kanema. Ndi chizindikiro chabe chimene makina amasunga kuti batani lodumphira pa rimoti lidziwe pofikira, ndipo mukachifufuta palibe chithunzi chimene chimatayika. Kudula title, kutanthauza kanema yense amene munajambula ulendo umodzi, ndi nkhani ina, pakuti kanema mmodzi amasanduka awiri, ndipo makina ambiri sawalumikizanso.

Pafupifupi makina onse amatha kuika okha chizindikiro pakatha mphindi 5 kapena 10 zilizonse. Njirayi ndi yachidule, koma makina sadziwa mwambo: chizindikiro chimagwera pakati pa ulaliki kapena m'kati mwa ndime ya nyimbo. Ine ndimaizimitsa, n'kuika ndekha pamene mkwatibwi akulowa, pa malumbiro, povekana mphete, podula keke, ndipo ngati ndi kwaya, pachiyambi cha nyimbo iliyonse.

Apa m'pamene chimbale chimalamula. DVD-R, chimbale chojambulidwa kamodzi kokha, ikajambulidwa mu Video mode (kajambulidwe kofanana ndi ka ma DVD ogula) imaseweredwa pafupifupi pa DVD player iliyonse, koma makina ambiri salola kuikapo zizindikiro pamanja. DVD-RW, chimbale chotheka kufufuta n'kujambulanso, ikakonzedwa mu VR mode (kajambulidwe kolola kusintha kanema mutajambula kale) imalola kuika, kufufuta ndi kuphatikiza machaputala momwe mufunira, koma ma player ambiri akale amaikana, choncho chimbale chimene mwachivutikira usiku wonse chingakafike kwa apongozi ku Santhe kapena ku Chamama n'kukakanika kuonetsa kanthu. Amene makina awo ali ndi hard disk, malo osungira kanema m'kati mwa makinawo, ali ndi mwayi: ajambule kaye mmenemo, agawe machaputala modekha, kenako akopere pa DVD-R mwa njira ya high speed, yokopera mofulumira osajambulanso kanemayo. Njira inayo, imene makina amajambulanso kanema yense pa liwiro loonerera, nthawi zambiri imataya zizindikiro zanu n'kuikamo zake. Kuti high speed itheke kanemayo ayenera kukwana monga alili, ndipo chimbale cha 4.7 GB chimatenga pafupifupi maola awiri pa SP, mlingo wanthawi zonse wojambulira.

Musadabwe chizindikiro chikasuntha pang'ono mutakopera. Pa zithunzi 25 zimene zimadutsa pa sekondi, MPEG-2, njira imene DVD imasungira kanema, imasunga chathunthu pafupifupi kawiri kokha, zotsalazo zimangonyamula zimene zasintha, ndipo mu Video mode chaputala chiyenera kuyambira pa chithunzi chathunthu. Kusunthako kumatha kufika pafupifupi theka la sekondi, koma kumakwanira kudula liwu loyamba la wotsogolera nyimbo, n'chifukwa chake ndi bwino kuika chizindikiro pamene kwaya idakali chete.

Chomaliza ndi finalize, imene imatseka chimbale kuti chiseweredwe pa makina ena. DVD-R ikatsekedwa simungasinthenso chilichonse, choncho yesani kaye kudumpha machaputala onse ndi rimoti. Ntchito ya finalize imatenga mphindi zingapo, ndipo magetsi akazima ili m'kati chimbale chikhoza kuwonongeka, kotero musafufute kanema wa mu hard disk mpaka mutachiyesa pa player ina.