Musanagule chovala kunja, ikani tepi m'chikwama

Sabata yathayi ndalandira zovala zinayi zochokera kunja: suti ya ku Istanbul, madiresi awiri a ku Joni ndi jekete ya ku Guangzhou. Zonse n'zatsopano, timapepala ta mitengo tidakali lende pa kolala, koma palibe n'chimodzi chomwe chimene chikumukwana mwiniwake. Onse anayi alowa m'shopu ndi mawu amodzimodzi: "Amayi, ine ndinagula saizi yanga ndithu, koma taonani." Ndasoka zovala muno mu Limbe zaka zopitirira 20, ndipo mawu amenewa ndatopa nawo. Saizi yanuyo ndi iti? Anakupatsani ndani?

Nambala ya pa lebulo imasintha mukangodutsa malire. Mzimayi amene amavala 12 ya ku Britain, ku America ndi 8, ku Germany ndi ku Turkey ndi 40, ku Italy ndi 44, pomwe ku South Africa masitolo ambiri amalemba 36. Thupi ndi lomwelo, manambala asanu. Msampha waukulu uli pa 36 ameneyu. Ambiri a ife tinazolowera zovala za ku Joni, ndiye munthu amaloweza kuti "ine ndine wa 36". Akafika ku Laleli, kumene amalonda athu amakaoda mu Istanbul, n'kutenga 36, watenga 8 ya ku Britain. Watsika masaizi awiri, pafupifupi masentimita 10 pachifuwa. Ndipo ngakhale m'dziko limodzi, fakitale iliyonse imadula mwa njira yake.

Za ku China ndiye musakhulupirire XL kapena XXL n'komwe. Funani kalebulo kolemba manambala ngati 165/88A. Yoyambayo ndi msinkhu wa munthu m'masentimita, yachiwiri ndi chifuwa, kapena chiuno ngati chovalacho ndi thalauza kapena siketi. Chilembo chakumapetocho chimanena za kaumbidwe ka thupi: A ndi munthu wapakatikati, B ndi C ndi amene chiuno chinadzaza. Koma kumbukirani kuti amene anajambula patani ija sankaganiza za mbina ya mzimayi wa kuno. Diresi likhoza kukhala bwino pachifuwa n'kukanika kutsika m'munsimu.

Abambo, inunso simunapulumuke. Jekete ya 40 ku Britain kapena ku Joni imatanthauza mainchesi 40 pachifuwa, ndiye kuti masentimita pafupifupi 102. Ku Turkey ndi ku Italy jekete yomweyo ndi 50. Suti zambiri zogulitsa pamodzi zimabwera ndi thalauza yochepa mainchesi 6 kuyerekeza ndi jekete, ndiye jekete ya 42 imayenda ndi thalauza ya 36. Bambo amene kamimba kanatuluka ayenera kufunsa ngati sitoloyo imalola kusankha jekete payokha ndi thalauza payokha. Ikakana, tulukani.

Tepi yoyezera ndi yotsika mtengo, ndipo pa makilogalamu 23 amene ndege zambiri zimalola pa chikwama sitengapo kanthu. Musananyamuke, pitani kwa telala akuyezeni mapewa, chifuwa, chiuno, mbina, mkono ndi kutalika kwa mwendo, mulembe m'masentimita komanso m'mainchesi. Tengani chovala chimene chimakukhalani bwino kuposa zonse, muchiyale pa tebulo, muyeze kuchokera kukhwapa kukafika kukhwapa linzake. Mukafika m'sitolo chitani chimodzimodzi pa chimene mukufuna kugulacho. M'masitolo ambiri ooda, kaya ku Small Street ndi ku Dragon City mu Joni kapena ku Kariakoo mu Dar es Salaam, salola kuyesa ndipo sabweza ndalama. Tepi saletsa. Ena amachita manyazi kutambasula tepi pamaso pa mwini sitolo, ati aoneka achimidzimidzi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mukadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kufika pa Mwanza, masiku awiri muli m'basi, simudzabwereranso kukasinthitsa diresi.

Mukakayika pakati pa masaizi awiri, tengani yaikulu. Chachikulu ndimachepetsa. Chaching'ono nsalu ndikaitenga kuti? Tembenuzani chovalacho muone m'misoko ngati anasiyamo nsalu. Thalauza yabwino ya suti imakhala ndi nsalu yotsala kumbuyo, yoti ndikhoza kumasula masentimita atatu kapena anayi. Jinzi ilibe. Zovala zambiri za m'mafakitale masiku ano amazidula pafupi ndi ulusi, palibe choti n'kugwira. Koma pa jekete, mapewa akukwaneni ndendende. Mkono ndifupikitsa, m'chiuno ndibweza, mapewa sindigwira, ndipo telala aliyense wodziwa ntchito adzakuuzani zomwezi.

Nkhani imene imandisowetsabe mtendere ndi ya mtsikana wina, mphunzitsi wa ku pulayimale, amene anafika kuno Lachitatu madzulo ndi mayi ake, ukwati uli Loweruka. Unali mwezi wa Okutobala. Azakhali ake, amene amachita geni yooda zovala ku Turkey, analonjeza kuti diresi la ukwati ikhala mphatso yawo. Ali komweko anaimba foni kufunsa saizi. Mtsikanayo anathamangira ku wadilopu, n'kuyang'ana pa diresi lake lopita nalo kutchalitchi, la ku Joni, n'kuyankha kuti 36. Azakhali anagula 36.

Diresilo linafika m'dziko muno mu Ogasiti. Ogasiti! Analiika m'sutikesi pamwamba pa wadilopu osaliyesa n'kamodzi komwe, poopa fumbi, poopa kuti mkwati angalione, poopanso maso a anthu. Analitulutsa Lamlungu la sabata ya ukwati. Zipi inakwera n'kuima pakati pa msana, n'kutsala mpata wokwana chikhatho.

Chimene chimandipweteka n'chakuti vuto limenelo lili ndi mankhwala. Timachotsa zipi, n'kusoka timagonga mbali zonse ziwiri, n'kupisa riboni yomanga ngati zingwe za nsapato, kuseri kwake n'kuika kansalu kobisa msana. Ndazichita kambirimbiri, ndipo kawirikawiri diresi limakongola kuposa mmene linalili. Akanabwera mu Ogasiti, kapena ngakhale Lolemba lomwelo, bwenzi nkhani ili ina. Koma Lolemba anapita kwa munthu wina wapafupi ndi kwawo amene anangoliyang'ana n'kunena kuti, "Zazing'ono izi, mawa mudzatenge."

Pamene mayi aja ankatulutsa diresilo m'jumbo, ndinayamba ndamva kaye ndisanaone: mikanda ikugwa pa simenti, waa, kumwazika mpaka pansi pa makina. Munthu uja anadula m'mbali monse muwiri ndi sizasi, kudutsa pa leisi, kudutsa pa timafupa ta pulasitiki timene timaimitsa chifuwa. Mikanda ya pa madiresi otere amaitunga yambiri pa ulusi umodzi, ndiye ukadula pamodzi mzere wonse umayoyoka. M'mipata imene anatsegulayo anaikamo nsalu ya layining'i yoyera mbee, pomwe diresilo linali loyera mopita ku kirimu. Pomaliza analisita ndi simbi yotentha, neti ya kutsogolo n'kukwinyika, n'kubooka malo aakulu ngati mbale ya ndiwo.

Mayi aja anandigwira mkono. "Amayi, chitanipo kanthu chonde, mwana wamkazi ndili naye yekhayu." Ndinalitembenuza katatu konse, ndikufunafuna pogwira. Panalibe. Ndinamuuza mtsikanayo kuti, "Mwana wanga, ndikakunamiza lero udzandida Loweruka. Ili silingavalidwe." Sanalire mokweza. Anagwada n'kuyamba kutola mikanda ija umodziumodzi, kuika m'dzanja. Anakwatiwa atavala diresi lobwereka, limene ndinachezera nalo usiku wa Lachinayi kulichepetsa. Azakhali aja anali atadula mpamba wa geni yawo kuti agule mphatso imeneyo, ndipo ndinamva kuti pa phwando anakhala kumbuyo, duu.

Sindikunyoza atelala a pakhonde. Ine ndemwe ndinaphunzirira pakhonde, pa makina opalasa ndi mwendo, ndipo alipo ambiri kumeneko a manja abwino kuposa ena okhala ndi zikwangwani zikuluzikulu. Amene ndikulimbana naye ndi munthu amene pakamwa pake sipatuluka mawu akuti "izi sindingathe". Muzimuona msanga. Sakuuzani kuti muvale kaye akuoneni. Sagwira mapini kapena choko. Safunsa kuti mudzavala nsapato zotalika bwanji. Amathamangira sizasi, pomwe wodziwa ntchito amayamba wamasula ulusi, chifukwa chomasula chimabwerera koma chodula sichibwerera. Ndipo ntchito iliyonse kwa iye ndi ya "mawa". Diresi la ukwati kapena jekete ya suti imafuna kuyesedwa kawiri kapena katatu. Wina akakulonjezani tsiku limodzi, nyamulani katundu wanu.

Palinso ena amene akuchuluka masiku ano, otolera ndalama pa WhatsApp kuti akakugulireni kunja. Ena ndi okhulupirika, ndimawadziwa. Koma musatumize ndalama chifukwa cha chithunzi cha mtsikana wa pa intaneti atavala diresi. Muuzeni akujambulireni chovala chenichenicho, tepi itagona pamwamba pake, manambala akuoneka, ajambulenso kalebulo ka m'kati. Wokana kuchita zimenezi ali ndi chimene akubisa. Ndipo chovalacho chikangofika, chiyeseni tsiku lomwelo. Musadikire kuti muonde kaye. Ndaona akwatibwi ambiri akugula chothina dala, ati adzachepetsa nsima, koma mapewa ndi nthiti sizionda. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala telala aliyense wodziwika amakhala atadzaza ndi za maukwati ndi zinkhoswe. Bwerani kudakali milungu isanu ndi umodzi, osati masiku atatu.

Nsalu nayonso muziiwerenga. Masitolo a ku London amatsitsa mitengo mu Januwale chifukwa akuchotsa zovala za m'nyengo yozizira, ndiye munthu amasangalala kuti wapeza suti yotchipa ya ubweya wokhuthala, n'kudzaivala masana a Okutobala ku Chikwawa. Poliyesitala yokhayokha nayo siipuma, thukuta limangoyenderera m'kati. Pa kalebulo pamakhala kachithunzi ka simbi: kadontho kamodzi ndi madigiri 110, awiri 150, atatu 200. Simbi ya makala ilibe poyezera, choncho chovala cha kadontho kamodzi chisayandikire, kapena muyale kansalu ka thonje konyowa pamwamba. Mukaona kabeseni kodulidwa ndi mtanda, pambali pake pali kachizindikiro kozungulira, chimenecho n'cha ku dry cleaner basi. Majekete ambiri otchipa amamata nsalu ya m'kati ndi guluu. Mukaviika m'beseni, kutsogolo kumatupa timatuza, ndipo palibe simbi imene ingabwezeretse.

Ogula nsalu ya mamita, kaya zitenje ku Kariakoo kapena leisi ku Oriental Plaza ya ku Fordsburg mu Joni, funsani ngati akuyeza mayadi kapena mamita, pakuti mayadi 6 ndi mamita pafupifupi 5.5 okha. Ya operekeza akwati onse idulidwe pa mpukutu umodzi, chifukwa mipukutu iwiri ya mtundu womwewo imasiyana ikafika padzuwa. Muonjezerepo mita imodzi kapena awiri. Ngati mukukayika kuti ndi thonje, solani kaulusi mukayatse panja: thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, poliyesitala imasungunuka n'kuuma kambulu kolimba. Malisiti onse sungani pamodzi ndi pasipoti, a MRA pa chipata adzawafuna.

Suti ya ku Istanbul ija ikadali pa hang'ala pano. Mwiniwake, amene amavala 44 ya ku Joni, anakumbukira zoti ku Turkey nambala imakwera koma anatenga 50 m'malo mwa 54. Thalauza ndayesetsa kumasula mpaka pothera nsalu, ikukanabe kutseka batani, ndipo jekete ikumukoka m'khwapa akangotambasula mkono. Chinkhoswe cha mwana wake chili kumapeto kwa mwezi uno. Ndamuimbira dzulo kuti abwere ndimuyeze, tisoke ina nthawi idakalipo, iyi ampatse mng'ono wake.